Maikolofoni amapatsa Barbecue, chipolopolo amapatsa mtolankhani wa ku Haiti

Anzanga, nkhani za ku Haiti zikatuluka pa makanema akuluakulu a kunja, nkhope imene timaonetsedwa kawirikawiri ndi ya Jimmy Chérizier, uja amamutcha Barbecue. Kale anali wapolisi, pano ndi mkulu wa Viv Ansanm, mgwirizano wa magulu a zigawenga umene wagwira mbali yaikulu ya Port-au-Prince, likulu la dzikolo. Mfuti pachifuwa, anyamata ake atadziphimba kumaso, iye akuyankhula modekha ngati nduna, kudzitcha womenyera anthu osauka. Atolankhani a kunja amapita kudera kwake, kumujambula, kenako n'kukwera ndege kubwerera kwawo. Munthu ameneyu dzina lake limatchulidwa pa kuphedwa kwa anthu ambiri ku La Saline, dera la mu Port-au-Prince, mu 2018, ndipo United Nations inamuikira zilango mu 2022.

Ine ndikuti kumeneku n'kumunenepetsa. Ndikudziwa, wina abwera m'munsimu kudzandiuza kuti mtolankhani ayenera kumva mbali zonse. Chabwino. Koma mbali ya atolankhani a m'dzikomo bwanji sitiimva?

Pa 24 December 2024, tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, atolankhani anaitanidwa kukaona kutsegulidwanso kwa chipatala chachikulu cha boma mu Port-au-Prince. Ali m'kati modikira mwambo, zigawenga zinayamba kuwombera. Atolankhani awiri ndi wapolisi mmodzi anafera pomwepo, ena akujambula ndi mafoni awo atagona pansi, magazi ali ponseponse. Nkhaniyo inamveka masiku ochepa chabe n'kuzirala. Nyuzipepala ya Le Nouvelliste, imene inayamba kutuluka mu 1898, inasiya kusindikiza papepala mu 2024 zigawenga zitathyola ndi kuwononga malo ake. Mu March 2025 zigawenga zinatentha nyumba ya wailesi ya Radio Télévision Caraïbes. Dziko limene anthu ambiri amadalira wailesi, ndiponso mu chilankhulo chawo cha Creole, kutentha wailesi ndi kugonthetsa mtundu dala.

Ndipo sizinayambe dzulo. Mtolankhani Jean Dominique wa Radio Haïti-Inter anawomberedwa pabwalo la wailesi yake mu April 2000, amene anatuma zimenezo sanaweruzidwe mpaka lero. Mu 2024 bungwe la Committee to Protect Journalists linaika Haiti pa nambala 1 pa maiko amene opha atolankhani amayenda mwaufulu.

Chimene amawaphera n'chiyani? Iwowo amafunsa funso limene kamera ya mlendo siifika: mnyamata wopanda ngakhale nsapato yabwino, mfuti ya mtengo wapatali chonchi waitenga kuti? Haiti sipanga mfuti. Malipoti a United Nations amati zambiri zimazembetsedwa kuchokera ku United States, makamaka ku Florida. Canada ndi United States anaikira zilango andale ndi ena akuluakulu a ku Haiti, kuphatikizapo mtsogoleri wakale Michel Martelly. Anthu ovala masuti, osati a zophimba kumaso. Ndalama za PetroCaribe, zija za mafuta ochokera ku Venezuela zimene zinasowa, anthu anadzaza misewu mu 2018 kufunsa kuti zinapita kuti, mfuu imene inayambira pa intaneti pomwepa.

Zina zonse mukuzidziwa. Chisankho chomaliza chinachitika mu 2016. Pulezidenti Jovenel Moïse anaphedwa m'nyumba mwake pa 7 July 2021. Nduna yaikulu Ariel Henry anapita ku Nairobi mu 2024 kukasaina zotumiza apolisi a ku Kenya, m'mbuyo muno zigawenga n'kuthyola ndende, iye osathanso kubwerera kwawo mpaka kutula pansi udindo. Masiku amenewo Barbecue anali pa kanema aliyense, ndipo zoopseza zake zinkafalitsidwa dziko lonse lapansi kwaulere. Iyeyo ankafuna zomwezo.

Ndiye musanagawe kanema wina wa Barbecue pa WhatsApp, yambani mwawerenga kaye zimene eni ake akulemba. AyiboPost, tsamba la nkhani la ku Haiti, imafufuza nkhani mozama, Le Nouvelliste ikupitirizabe pa intaneti. Zambiri zili mu French ndi Creole, inde, koma foni imene mukuwerengera izi imatha kumasulira.