Eni madimba, lekani kumwaza yureya pamwamba

Inu olima m'mbali mwa Shire ndi ku Malombe, ndi inu a timadimba ta kuseri kwa nyumba ku Monkey Bay ndi Makanjira, tamverani. Khalidwe lomwaza yureya pamwamba pa bedi dzuwa lili paliwombo, inu n'kukakhala pansi pa mango, lithe. Fetelezayo mwagula modula, koma mukudyetsa mphepo.

Chimene mbewu ikufuna mu yureya ndi nayitirojeni, chakudya chokulitsa tsinde ndi kubiriwitsa masamba. M'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a chakudyachi. Yureya akagona pamtunda pa dothi lonyowa ndi lotentha, m'masiku ochepa amasanduka mpweya wa amoniya, wafungo lija la m'khola la mbuzi, n'kuuluka. Kutentha kwa Mangochi kumafulumizitsa zimenezi. Ena mumathiranso pamene mwangowaza phulusa, osadziwa kuti phulusa limakolezera kuulukako.

Kathiridwe kake n'kosavuta, vuto ndi ulesi. Thirirani bedi kaye, makamaka chakumadzulo. Bowolani ndi kamtengo kadzenje kakuya masentimita 5, kotalikirana ndi tsinde masentimita 10, ikani feteleza, kwirirani, thiriraninso pang'ono. Pa matimati, chitsekero chimodzi cha botolo chodzaza feteleza wa CAN paphando chikwana, pakatha milungu iwiri kapena itatu chiwokereni. CAN ali ndi nayitirojeni wa maperesenti pafupifupi 27, yureya 46, ndiye ngati muli ndi yureya thirani theka la chitsekero. Wogunditsa feteleza ku tsinde asadabwe mbande ikapsa n'kufota m'mawa mwake.

Ndipo dothi lathu la kunyanja ndi la mchenga, silisunga. Mukathira wambiri kamodzi n'kukhuthulira ndowa za madzi, chakudya chimatsika kupitirira mizu. China chimakathera m'zitsime zosaya zimene mukumwetsa makanda, china mu Shire kukanenepetsa namasupuni. Gawani kawiri kapena katatu, pang'onopang'ono.

Mbewu imanena yokha, koma ambiri simuyang'ana. Nayitirojeni akasowa, chikasu chimayambira masamba akale a m'munsi. Pa chimanga chimayamba kunsonga kwa tsamba n'kutsata msempha wapakati. Chikasu chikayambira masamba anthete a pamwamba, vuto ndi lina, musathamangire yureya. Nayitirojeni akachuluka, matimati amangochita masamba obiriwira bii, maluwa ochepa, nsabwe tho. Mwini dimba amanyadira, koma popita kumsika dengu lili gwaa.

Tsono za moto. Mapesi, masangwi a mtedza ndi makoko a nandolo mukuwotcha chaka ndi chaka pofuna kuti m'munda muyere. Nayitirojeni amapita ndi utsi, m'phulusa satsalamo. Zinyalalazo ziunjikeni ndi ndowe, muzithirira ndi kutembenuza mpaka zide n'kufumbutuka, miyezi iwiri kapena itatu. Koma musakwirire utuchi kapena mankhusu a mpunga osawola m'bedi lodzala kale: tizilombo towoletsa timalanda nayitirojeni wa m'dothi, mpiru wanu n'kuchita chikasu. Zitosi za nkhuku zaziwisi nazo zimatentha mizu, ziwole kaye. Matumbo ndi mamba a nsomba amene akungonunkha padoko ndi manyowa abwino zedi, bola muwakwirire mwakuya m'kati mwa mulu, agalu asafukule.

Nanga misangu mukuigwetseranji? Mtengo uwu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, sutchingira mbewu dzuwa, ndipo masamba akewo amabwezera nayitirojeni m'nthaka. Khobwe, soya ndi nandolo amatenga nayitirojeni mumpweya kudzera m'timibulu ta kumizu. Zulani khobwe mmodzi akayamba maluwa, finyani kambulu ndi chikhadabo: m'kati mukakhala mofiirira, ntchito ikuyenda. Bedi loterolo mukakolola dulani pa tsinde, mizu itsale, n'kudzalapo repu kapena chainizi.