Inu anyamata omasula mfuti za agogo anu, tamverani kuno

Ndakhala ndikungoyang'ana, koma zimene ndaona Loweruka lapitali zandiyankhulitsa. Mwana wa mnansi wanga anafika pakhomo panga atagwira kansalu pamlomo, dzino likugwedera, kudzanja linalo atanyamula jumbo ya zitsulo. Zitsulozo inali mfuti ya mpweya ya Gecado imene malemu agogo ake anabwera nayo kuchokera ku Joni. Mkuluyo anaisunga mpaka imvi, osasowetsa ngakhale kasikuluwu kamodzi. Mdzukulu wangokhala nayo masabata awiri. Akuti anaonera pa YouTube mmene amaiwonjezera mphamvu, ndiye anaipanira m'miyendo n'kuyamba kumasula kumbuyo. Chitsulo chotsekera chinafwamphuka n'kukamupeza kukamwa. Chikanakwera pang'ono, bwenzi tikukamba za diso.

Kodi munamva kwa yani kuti mfuti yopanda wonga ndi chidole? Mphamvu ya mfuti imeneyi ili mu sipuling'i. Mukathyola mpope, kutanthauza kuupinda potchera mfuti, mumakankhira pisitoni kumbuyo, sipuling'i n'kufinyika. Mukakhethemula, pisitoni imathamangira kutsogolo, kupanikiza mpweya, mpweyawo n'kutulutsa kachipolopolo ka mtovu. Chimene ambiri simudziwa n'chakuti ngakhale mfuti isanatcheredwe, sipuling'i ija imakhala ili yofinyika kale m'kati. Ndiye chifukwa chake amisiri amaimasulira pa chopanira cholimba chokhala ndi bawuti, kubweza pang'onopang'ono mpaka mphamvu yonse ithe. Safunsa anadya phula. Inu mungofunsa foni, foniyo n'kukuonetsani mphindi zitatu za ntchito ya tsiku lonse.

Nkhani ya oyilo ndiyo imandipweteka mtima kwambiri. Ndamva ena akunyadira kuti akathira madontho a oyilo wa galimoto kapena wa makina osokera pakabowo ka mpweya, mfuti imalira ngati ya asilikali ndipo imatulutsa utsi. Mumaona ngati mwaichiritsa! Chimene chikuchitika m'menemo ndi chomwe chimachitika mu injini ya dizilo: mpweya ukapanikizidwa mwadzidzidzi umatentha, oyiloyo n'kuphulika. Kuphulikako kumabweza pisitoni mwankhanza, kumawotcha chikopa cha kutsogolo kwake, kumathyola sipuling'i. Mfuti zakalezi zambiri zili ndi chikopa chenicheni pa pisitoni, osati pulasitiki. Chikopacho chimangofuna timadontho tochepa ta mafuta ofewetsera zikopa, mwa apo ndi apo, basi. Ndiye palinso aja owomba mfuti ilibe kanthu, akuti akuyesa ngati ikulira. Popanda kachipolopolo kotsekera mpweya, pisitoni imakadzimenyetsa pachitsulo. Mukatero kangapo, mwaipha.

Ena mwatenga tupa n'kupala kachitsulo kogwira pisitoni kuti chokhethemulira chifewe. Ana inu, pa mfuti zambiri zakale kachitsulo kameneko n'kolimba pakhungu pokha, m'kati n'kofewa. Mukapala khungulo, kamadyeka tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku lina mfuti idzawomba yokha mukungoitseka. Mukufuna chokhethemulira chofewa? Kampani ya Weihrauch inaika chotchedwa Rekord pa mfuti yake ya HW35 m'ma 1950, chokhala ndi sikuluwu yosinthira. Tupa si sikuluwu.

Poika chipolopolo, dzanja limodzi lisachoke pampope. Ndanena, lisachoke. Mfuti ikakhethemuka mpope uli wothyoka, umabwerera m'mwamba ndi mphamvu yonse ya sipuling'i: mpope umapindika, thabwa limang'aluka, ndipo chala kapena mphumi zikakhala panjira, mwapita kuchipatala. Ine ndemwe ndili ndi chipsera pachala chachikulu chimene ndinachipeza ndili mnyamata, nditatsamiritsa mfuti pabondo n'kumacheza. Mfuti zija zotchera ndi chogwirira cha pansi, zotsegula chibowo chimene mumalowetsamo zala, monga HW77 zoyambirira, n'zoopsa koposa, chifukwa zimatha kudula nsonga ya chala.

Musaone ngati kumene anazipangako amazitenga mopepuka. Ku Birmingham, kwawo kwa kampani ya mfuti ya BSA, kumene kunachokera mfuti za mpweya za Airsporter mu 1948 ndi Meteor mu 1959, lamulo la Britain limati mfuti ya mpweya ikaposa ma foot-pound 12, yomwe ndi pafupifupi ma joule 16 (iyi ndi miyeso ya mphamvu ya kachipolopolo), imafuna chiphaso cha mfuti yeniyeni. Inu abale athu muli kumeneko mumve bwino: mukaika sipuling'i yaikulu n'kudumpha malirewo, mwapalamula mlandu waukulu, ndipo kusadziwa sikukupulumutsani. Kachipolopolo kanu kakadumpha mpanda n'kugwera kwa mnansi, umenewonso ndi mlandu. Ku Scotland, mwana wa zaka ziwiri ataphedwa ndi mfuti ya mpweya ku Glasgow mu 2005, anthu sanagone mpaka lamulo linasintha, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2016 munthu sasunga mfuti ya mpweya popanda chiphaso. Ku Germany, kwawo kwa a kampani ya Diana amene ankapanga ma Gecado aja ku Rastatt, malire a mfuti yogula popanda chiphaso ndi ma joule 7.5 okha. Anthu amenewa si opusa.

Pa ma foot-pound 12, kachipolopolo ka mamilimita 4.5 kamatuluka pa liwiro la pafupifupi mamita 240 pa sekondi, ndipo mukalozetsa m'mwamba kamakagwa kutali kuposa mabwalo awiri a mpira. Ndiye inu muime pakati pa nyumba, kulozetsa njiwa ili padenga la malata, kuseri amayi akuanika ufa, ana akusewera phada. Mwatani kodi? Mtovu ukamenya khoma, mwala, botolo kapena pamwamba pa madzi, umanjanja n'kulowera kumene simunalinge. Unjikani mchenga kapena dothi lofewa kuseri kwa chimene mukuwombacho. Ndipo lekani kusunga tizipolopolo m'kamwa ngati mtedza. Mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana amene akukuonererani n'kumatengera.

Makolo nanunso sindikusiyani. Mfuti yotcheredwa ili kuseri kwa chitseko, akuti kudikira makoswe, m'nyumba muli ana a sukulu ya mkaka. Mukatha kuwomba, onetsetsani kuti m'mpope mulibe kanthu ndipo sinatcheredwe, muitsekere, tizipolopolo musunge kwina.

Gecado ija ili pathebulo langa. Mtundu umenewu uli ndi timipira titatu tachitsulo timene timagwira pisitoni, ndipo mu jumbo muja ndapezamo tiwiri. Mnyamatayo ndamuuza akasese m'chipinda mwake mpaka kachitatu kapezeke. Ndikadzaimanga, sindidzamupatsa iye. Adzabwere kudzatenga ndi bambo ake.