Maganizo anga: tizichita chinthu chimodzi mpaka chithe

Ife a mu Blantyre timanyadira kutanganidwa. Pofika 5 koloko m'mawa anthu ali kale pa siteji ku Bangwe, ku Chirimba, ku Machinjiri, kulimbirana minibasi. Koma funsani munthu madzulo kuti wamaliza chiyani lero, amangokanda mutu. Thupi linali pa ntchito tsiku lonse, mtima unali kwina.

Imani pa khonde la sitolo ku Limbe muone telala akudula nsalu. Sizasi m'manja, tepi m'khosi, foni ili pa makina ikungolira: gulu la WhatsApp la kumpingo, la banki m'khonde, la maliro a kumudzi. Wasuzumira kamodzi, pobwerera pa nsalu sakukumbukanso ngati m'chiuno anayeza 34 kapena 36. Nsalu ikadulidwa molakwika silumikizikanso, mwini wake ali ndi chinkhoswe Loweruka. Telala ameneyu ntchito amaidziwa, chomwe chamusowa ndi mphindi khumi zopanda chomusokoneza.

Mu 2010 akatswiri awiri a ku Harvard, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, ankatumizira anthu oposa 2,000 mafunso pa foni nthawi zosiyanasiyana, kuwafunsa chomwe akuchita ndi chomwe akuganiza. Anapeza kuti pafupifupi 47 peresenti ya nthawi, maganizo a munthu amakhala pa zina, osati pa chomwe chili m'manja mwake. Anapezanso kuti pa nthawi zoterozo anthu sankakhala osangalala. Ndiye ganizirani, pafupifupi theka la tsiku lanu la ntchito simukhalapo.

Choyamba, maganizo amaphunzitsika. Musanayambe ntchito, khalani pansi mphindi zisanu, foni ili kutali, mungomvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka. Simufika patali, maganizo athawira ku lendi, ku fizi ya mwana, ku mtengo wa thumba la chimanga. Mukazindikira, abwezeni pa mpweya osadzikalipira, monga mbusa abwezera mbuzi yolowera m'munda wa eni. Athawanso, abwezeninso. Ambiri amasiya apa poganiza kuti alephera, chonsecho kubwezako ndiye kuphunzirako. Tsiku lomwe mudzakhale pa mayeso kapena pa akaunti za abwana, luso lomwelo ndi lomwe lidzakubwezereni pa pepala.

Ndikudziwa abale ena a m'mipingo anena kuti izi ndi za chipembedzo chachilendo. Zoona, mizu yake ili mu Chibuda. Koma pamene katswiri wa ku America, Jon Kabat-Zinn, anayamba kuphunzitsa zimenezi ku University of Massachusetts mu 1979, ankathandiza odwala omwe anali ndi ululu wosatha komanso nkhawa, pa maphunziro a masabata asanu ndi atatu, ndipo sankapembedzetsa munthu. Kumvetsera mpweya wako sikugwadira fano. Amene akufuna ayambe ndi pemphero, kenako akhale chete. Ine sindiona pomwe ziwirizi zikutsutsana.

Chachiwiri, chomwe ndimachikonda kwambiri, ndi kutchula cholinga momveka. "Lero ndilimbikira" ndi mawu chabe, pofika 10 koloko aiwalika. Katswiri wina, Peter Gollwitzer, analemba mu 1999 kuti munthu amakwaniritsa zambiri akaneneratu nthawi, malo ndi chomwe achite chinthu china chikachitika. Mwana wa Fomu 4 ku Ndirande amene akukonzekera MSCE anene kuti: "Ndikamaliza kutsuka mbale, ndipereka foni kwa amayi, ndikhala pa tebulo ndi masamu mpaka 8 koloko. Magetsi akathima ndiyatsa tochi. Mnzanga akagogoda ndimuuza abwere mawa." Ukaganiziratu chonchi, nthawiyo ikafika sukambirananso ndi mtima wako, unagamula kale.

Sindikunena kuti izi zithetsa zonse. Mwana amene wagona ndi njala sangaike mtima pa buku ngakhale apume motani, ndipo munthu wogona maola anayi akufunika tulo, osati malangizo anga.

Koma pali chinthu chomwe chili m'manja mwathu, ndipo chimandiwawa. Timasokonezana tokha. Mwana wangotsegula buku, amayi amutuma tomato. Wabwera, amalume amutuma mayunitsi. Wakhalanso pansi, kwabwera alendo, akawaphikire tiyi. Zotsatira zikatuluka timati mwanayu ndi wosalimbikira. Ku maofesi n'chimodzimodzi, abwana amaitana kalaliki kangapo pa ola limodzi kenako n'kudabwa kuti lipoti lachedwa. Makolo anzanga, mwana akakuuzani kuti kuyambira 6 koloko mpaka 8 koloko ali pa buku, tomatoyo mutumeni 6 isanakwane, kapena pitani nokha.