Dubai yandikumbutsa agogo anga

Ndabwerako, abale anga. Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti zithunzi zili kuti, ena mukufuna mitengo ya mafoni ndi nsalu. Mitengoyo ndiika mawa. Lero ndiloleni ndinene kaye zimene zikundisowetsa tulo chibwerereni, chifukwa zomwe ndinaona tsiku loyamba ku Dubai zandikhala pamtima kuposa katundu amene ndinapitira.

Ndinanyamuka kuno pakati pa July. Inu mukuudziwa July wa ku Harare, m'mawa ku Mabvuku udzu uli mbuu, ana akupita kusukulu manja ali m'khwapa. Mzinda wathuwu uli pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 pamwamba pa nyanja, n'chifukwa chake ngakhale dzuwa la October limatisiyira kamphepo usiku. Pabwalo la ndege la Robert Mugabe ndinali mu juzi, jekete pamwamba. Ndege inaima ku Lusaka kutenga anthu ena, kenako usiku wonse m'mwamba, n'kukatera kutangocha. Kumeneko nthawi ili patsogolo ndi maola 2.

M'kati mwa bwalo la ndege munali mozizira, moti ndinayamba kuganiza kuti anzathu oyenda amangokokomeza. Ndiye chitseko cha galasi chinatseguka chokha. Munavundukulapo mphika wa nyemba zikubwata, nthunzi n'kukumenyani kumaso? Ndi zimenezo, kungoti pamphika umabweza mutu, pamene apa kulibe kobwezera. Magalasi anga anachita chifunga nthawi yomweyo, osaonanso kanthu. Ndinawavula, ndinapukuta ndi chitenje, kuvala, chifunga chomwecho. Apo n'kuti nthawi isanakwane 8 koloko m'mawa.

Ine ndinkayesa kuti kuchipululu n'kouma gwa, ngati kutentha kwa ku Kariba kapena kumene amanena a ku Nsanje. Ayi. Dubai ili m'mphepete mwa nyanja ya Gulf, ndipo mpweya wake ndi wachinyezi, wolemera. Thukuta siliuma, limangoyenderera kumsana mpaka m'nsapato. Mu July ndi August masana kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo usiku kumangotsikako pang'ono kufika cha m'ma 30. Pakati pa usiku ukatuluka panja, khoma ukaligwira likadali lofunda.

Ndinafikira ku Deira, pafupi ndi msika wa Naif, kumene ogula katundu ochokera ku Africa amakonda kugona. Nditalowa m'chipinda ndinathamangira kumpopi wa madzi ozizira kuti ndisukusule. Madzi ake anali otentha oti n'kusambitsira khanda. Mtsikana wa pahotelo anandiuza kuti matanki ali padenga, dzuwa limawaphika tsiku lonse. Koma chimene chinandiimitsa n'china. Mzinda umenewu ulibe mtsinje ndi umodzi womwe. Madzi amene amamwa ndi a m'nyanja yamchere, amawachotsa mcherewo m'mafakitale akuluakulu a ku Jebel Ali. Komabe mpopi umatuluka usana ndi usiku. Ine amene ndimadzuka 4 koloko kukaika zigubu pamzere pamjigo, m'dziko lomwe mvula imagwa kuyambira November mpaka March, ndinaima pasinkipo madzi akungotayika m'manja mwanga, mtima ukuwawa. Nkhani imeneyo ndi ya tsiku lina, koma sindiiwala.

Cha m'ma 1 koloko ndinatuluka kuti ndiyambe kuona mitengo. Msewu unali zii. Malo ena odikirira basi ndi timanyumba ta galasi totsekeka, ta makina oziziritsa, ndipo munthu aliyense amene ndinamuona ankayenda chothamanga kuchoka pamthunzi wina kupita pamthunzi wina. Pansi pankaotcha kudutsa m'nsapato. Kenako kuseri kwa nyumba ina imene ankamanga ndinaona amuna, mwina khumi ndi awiri, atagona chigonegone pamakatoni m'kamthunzi kopyapyala ka khoma. Maovolosi a buluu atada ndi thukuta, m'mphepete mwake muli mizere yoyera ya mchere. Wina anatsamira jombo yake ngati pilo, kumaso ataphimba ndi kathaulo konyowa. Wina wachikulire, imvi zili mbuu m'ndevu, ankathira madzi a m'botolo pang'onopang'ono pakhosi pa mnzake.

Kumeneko kuli lamulo loti kuyambira pa 15 June mpaka pa 15 September munthu asagwire ntchito padzuwa kuchokera 12:30 mpaka 3 koloko masana. Lamulo labwino, ndipo ndikuliyamikira. Koma taganizani dzuwa limene mpaka boma lichite kuliikira lamulo. Ndipo 3 koloko ikakwana dzuwalo silikhala litapita kulikonse, iwo amadzuka n'kukweranso pamwamba pa zitsulo. Madzulo ndinaona mabasi oyera atadzaza amuna ngati omwewo, mitu itatsamira mawindo, akupita nawo kumakampu a kunja kwa mzinda ngati Sonapur. Ndi a ku India, Pakistan, Bangladesh, Nepal, ndipo masiku ano a ku Uganda ndi Kenya nawonso achuluka. Mwa anthu 10 alionse okhala m'dziko la United Arab Emirates, momwe muli Dubai, pafupifupi 9 ndi obwera.

Tsiku lomwelo ndili pakhomo pa shopu ina ndikuyankhula pafoni ndi mwana wanga, ndinamva mawu kumbuyo: "Pepani mayi, ndamva chiyankhulo. Ndinu akumudzi?" Anali mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, akukankha ngolo yodzaza makatoni opita kwa otumiza katundu. Ndinati ine ndine wa ku Harare, koma agogo anachokera ku Ntcheu. Anapukuta dzanja pamalaya asanandipatse moni, n'kunena kuti kwawo ndi ku Mangochi, ndipo chaka chino ndi chachitatu asanapondeko. Amagona anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, pamabedi osanjikiza, aliyense amalipira malo a bedi lake basi. Ndinafuna kumugulira madzi, anakana. "Ayi mayi, mlendo ndinu." Anagula ndi iye. Kenako anandionetsa chithunzi chimene anatumizira mayi ake: malaya oyera osita bwino, kumbuyo kwake nsanja ya Burj Khalifa. Anati anakafikako kamodzi kokha, tsiku lojambulitsalo.

Chithunzi chimenecho ndimachidziwa. Chili m'nyumba mwathu, chakuda ndi choyera: agogo aamuna mu suti yobwereka, chipewa pamutu, dzanja panjinga, chojambulidwa ku Salisbury (dzina lakale la Harare) kuti cha kwawo akaone kuti mwana wawo zikumuyendera. Sichionetsa ulendo wodutsa ku Tete, kapena malole a Ulere amene ankatuta anthu a ku Nyasaland kudzagwira ntchito kuno. Sichionetsa mahositelo a Matapi ku Mbare, omangidwira amuna okhaokha, akazi ndi ana atatsala kumudzi. Agogo anaphikira azungu ku Highlands zaka zambiri, anzawo ali m'mafamu a fodya, m'migodi, m'fakitale ya simenti pafupi ndi kwathu kuno. Kumudzi anawatcha matchona. Kuno anawatcha mabhurandaya, anthu opanda mfunda. Mayi anga anabadwira mumzinda uno, koma chitupa chawo chinali ndi chilembo cha A, kusonyeza kuti ndi mlendo, mpaka malamulo atsopano a dziko a 2013 ndi amene anawatsegulira njira yoti alembedwe ngati nzika.

Musandimve molakwa, sindikunyoza Dubai. Ndi mzinda waukhondo, usiku ndinkayenda ndi ndalama za katundu popanda mantha. Sitima yawo yopanda woyendetsa, imene inayamba mu 2009, ndinakwera ndipo imasunga nthawi. Ndinawoloka Creek, madzi a m'nyanja olowa m'kati mwa mzinda, pa kabwato ka matabwa kotchedwa abra ndi dirham imodzi yokha, ndalama ya kumeneko. Ku Al Fahidi ndinaona nyumba zakale zokhala ndi tinsanja tokola mphepo n'kuitsitsira m'chipinda, nzeru za makolo awo magetsi asanabwere, pa nthawi imene ankadalira kusodza, malonda ndi kumira m'nyanja kufuna ngale. Mafuta anawapeza mu 1966, dziko lawo linakhazikitsidwa mu 1971, ndipo lero ali ndi nsanja ija ya Burj Khalifa, ya mamita 828. Anthuwa anaganiza patali, ndipo zimenezo n'zoti tiphunzire.

Chimene ndikukana ndi choti ife, ifeyo zidzukulu za matchona, tizifika kumeneko maso ali m'mwamba mokhamokha, osaona amene agona pakatoni m'munsi mwa khoma. Wina aliyense angathe kuwadutsa, koma ife ayi, chifukwa ndi agogo athu omwe aja m'maovolosi ena. Ndipo m'njira ina awa zawo n'zolimba kuposa. Agogo anga, ndi kunyozedwa konse, anapeza nyumba ku Mabvuku, anamanga mpingo, anzawo anamanga mizikiti, ena anaimika dambwe gule n'kumatuluka, ndipo manda awo ali konkuno. Ku Dubai wantchito amakhala ndi chilolezo chomangidwa pantchito yake. Ntchito ikatha, amanyamuka. Mwana wa mlendo akabadwira komweko sakhala nzika.

Ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri muno muli mwana amene akusunga ndalama za tikiti, ndipo sindingamuuze kuti asapite pamene kuno ntchito kulibe. Koma inu amayi ndi abambo anzanga, mwana wa mnzako ngwako yemwe, tiyeni tiziwafunsa anawa mafunso asananyamuke. Ntchitoyo ndi ya m'nyumba kapena ya padzuwa? Kontrakiti waiona ndi maso ake, kapena wangouzidwa pafoni? Akupita ndi viza ya ntchito, kapena ya mlendo yoti ikatha ayambe kubisala? Malamulo a dzikolo salola bwana kusunga pasipoti ya wantchito, komanso salola kuti wantchito ndiye alipire ndalama zomulembera ntchito. Ndiye munthu akamati gulitsani ng'ombe kapena poloti kuti mwana apeze malo, pamenepo imani kaye. Zimene anakumana nazo atsikana a ku Malawi m'nyumba za anthu ku Oman tinazimva tonse, ndipo ambiri a iwo ananyamuka makolo akuwadalitsa.

Mnyamata uja potsanzikana ndinamufunsa chimene ndingamutengere ndikadzapitanso. Ndinkayesa anena ndalama kapena mankhwala. Anakhala chete pang'ono, dzanja lili pangolo, n'kunena kuti, "Mayi, ngati n'kotheka, mfutso wa nkhwani ndi ufa woyera pang'ono." Ndikupitanso mu November kukayamba kuzizirako. Mfutso ndaupeza kale kwa alamu anga ku Epworth, ufa ndikagayitsa sabata yonyamuka kuti ukafike ukadali ndi fungo.