Za ku Matera zija si zapakompyuta ayi

A mtolankhani, mwalemba kuti kuthamangitsana kwa galimoto ndi njinga zamoto m'tauni ya Matera mu No Time to Die, filimu yotsanzikira ya Daniel Craig ngati James Bond, ndi zopanga pakompyuta basi. Pamenepo mwaphonya ndithu.

Misewu ya tauni imene ija ya ku Italy ndi ya miyala yakalekale, yosalala moti tayala limangoterereka. Kuti njinga yamoto igwire bwino pansi isanadumphe khoma, opanga filimuyi anathira Coca-Cola malita oposa 30,000 mumsewu n'kudikira kuti aume. Shuga wotsalirayo ndiye amamata tayala. Galimoto ija mukuiona ikuzungulira pabwalo ikulavula zipolopolo, kampani ya galimoto ya Aston Martin inachita kupanga 8 zofanana ndi galimoto yake yakale ya DB5 yeniyeni, zopepuka, zoti azigundanitsa mosadandaula.

Inu amene mukuti Craig wathawa msanga, taonaninso zaka. Anayamba ndi Casino Royale mu 2006 ali ndi zaka 38, anamaliza mu 2021 ali ndi 53, mafilimu asanu. Bondo analivulaza pojambula Spectre, kakolo anavulala ku Jamaica mu 2019 mpaka kuchitidwa opaleshoni. Ine zimandikhudza kuti munthu ameneyu anabwererabe kudzamaliza nkhani ya Bond wake ndi thupi lotopa chonchi.