Za chilolezo cha skip kuno ku England zanditopetsa

Abale inu, tikukonza khitchini, matailosi akale ndi makabati owola zangounjikana pakhomo mpaka ana akuchita kudumpha potuluka. Ndaimbira kampani ya skip (chibini chachikulu chachitsulo chobwereka chotayiramo zinyalala) akuti ayi mayi, poti nyumba yanu ilibe driveway (malo oimikapo galimoto pakhomo) skipyo ikhala pamsewu, ndiye mpaka khonsolo ipereke kaye chilolezo. Lamulo lake ndi Highways Act ya 1980, ndipo sindikukana ayi, msewu ndi wa tonse, skip iyenera kukhala ndi magetsi usiku, dzina la kampani lizioneka kuti wina asaigunde mumdima. Zimenezo nzomveka.

Koma chondiwawa nchakuti aneba athu ali ndi driveway skip yawo inabwera mawa lake, opanda kulipira khonsolo ngakhale kakobiri, ife a nyumba zogundanazi tilipire skip, tilipire chilolezo, kenako poti msewu wathu ndi wa ma permit oimikira galimoto akuti tilipirenso kuti atseke kamalo komwe skipyo ikhale, malo omwewo amene ndimalipira kale chaka ndi chaka! Kudikiranso masiku, amisiri aja sangakhale chete, ali ndi ntchito zina, ndiye fumbi la simenti likungolowa mnyumba ndipo mwana wanga wamng'ono ali ndi asima.

Skip itafika tsiku loyamba lomwe, mmawa ndapeza matiresi awiri a munthu wina ataponyedwamo usiku. Akampani akuti matiresi amalipiritsa padera, ndipo wolipira ndine.