A Zambia atiposa pa filimu ya chibwenzi cha pa foni, ndipo zikundiwawa

Kuyamika Mzambia si khalidwe langa, makamaka ikakhala nyengo ya mpira. Koma sabata yathayi ndinaonera kafilimu kawo pa YouTube, ndipo mpaka lero ndikadali wokwiya ndi opanga mafilimu a kuno kwathu.

Nkhani yake ndi yaing'ono. Mtsikana ali ku Chipata, amakhala m'kabokosi kotumizira ndalama pa foni. Mnyamata wapeza ntchito ku migodi ya ku Solwezi. Mulibe mfiti, mulibe apongozi ankhanza, mulibe bwana wamimba wodzamunyenga mtsikanayo ndi galimoto. Chibwenzicho chikudyedwa ndi mtunda basi. Mnyamata akamaweruka usiku, mnzake wagona kale. Akaimbirana, theka la macheza ndi "ukundimva?" ndi "bwerezanso, wadukaduka". Pali malo ena pamene mtsikanayo akujambula voice note yaitali yodandaula, kuimvetsera, kuifufuta, kujambulanso, kufufutanso, mapeto ake n'kungolemba kuti "wadya?" Kamera osachoka pankhope pake. Mnyamata uja atabwera patchuthi, akhala pa depoti ya basi, iye akuseka nthabwala za anzake a ku mgodi amene mtsikanayo sakuwadziwa n'komwe, kenako onse zii. Filimu yonse kutha popanda woti umuloze chala.

Tsono taganizani, anthu amenewa mtunda wawo ndi wa m'dziko momwemo. Basi ya Chipata kupita Lusaka, ina ya ku Solwezi, wafika, pasipoti osafunika. Ife tili ndi Joni! Mwana wa ku Mangochi, Mzimba kapena Nkhata Bay amatulukira pa Mwanza kapena pa Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kukagona pamzere pa Beitbridge. Amamudindira masiku 30, masikuwo akatha wasanduka wobisala. Kumudzi kukagwa maliro amalira pa foni, chifukwa akatuluka sadziwa ngati adzalowanso, ndipo akagwidwa ndi wa ku Lindela, kumene amatsekera obwera asanawabweze kwawo. Ndipo si za lero izi. Agogo athu ankapita ndi WENELA, bungwe lolemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni, mpaka ndege yake inagwa ku Francistown mu 1974 Kamuzu n'kuyamba waimitsa, kenako m'malo mwake kunabwera TEBA. Mudzi uliwonse uli ndi mtchona wake ndi mayi amene anamudikira mpaka imvi. Pa nkhani ya kudikirana, a Zambia ndi ana kwa ife.

Nanga mafilimu athu amachita nazo chiyani? Mphindi khumi zoyamba mnyamata akutsanzika, misozi, malonjezo pansi pa mtengo wa mango. Kenako pa sikirini pangolembedwa kuti "patapita zaka ziwiri". Abale anga, filimu yonse inali m'zaka ziwirizo! Ife tazidumpha kuti tithamangire pamene mtsikana wapatsidwa mimba ndi mnzake wa mnyamatayo, kapena pamene mjoni wabwera ndi jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo, akuti "eish" ndi "yebo" kuti tiseke. Ikatero palowe sing'anga, ithere kumanda kapena kwa abusa, wina atembenukire ku kamera kutilangiza ngati tili kuchinamwali.

Chikhalirecho zimene zimachitika m'zaka ziwirizo aliyense akuzidziwa. Foni imene mnyamata anatumiza kudzera mwa matransipota imasanduka mlonda: "yatsa video ndione pamene uli". Uthenga wa Mukuru ukachedwa, mtsikana sadziwa kuti afunse bwanji osaoneka ngati akungofuna ndalama, pamene mnyamatayo wakhala sabata yonse osapeza ganyu koma manyazi akumuletsa kunena. Ndalama ikabwera, mayi ake a mnyamata akufuna kudziwa kuti yafika zingati. Chithunzi chimodzi pa status, chooneka dzanja la mkazi m'mbali, chimakwana kuwononga mwezi wathunthu. Bandulo imatha mkangano uli pakati, wina n'kugona akuganiza kuti wamudulira dala. Mu 2015, anthu akumenyedwa ku Durban, atsikana angati anagona ndi foni m'manja kudikira kuti ilire? Zonsezi n'zathu, koma pa filimu timaziona ngati n'zosakoma.

Ndivomere pang'ono, ndisakhale wa nkhanza. A Zambia ali ndi kogulitsa. Chiyambireni Zambezi Magic pa DStv mu 2015, masewero awo ndi amene adzazamo, ndiye munthu amajambula akudziwa kuti pali womulipira. Ndalama imagula maikolofoni abwino, ndipo filimu ya anthu okhala chete imafuna mawu omveka bwino. Yathu ikati ikhale chete umamva tambala ndi chigayo cha kuseri. Komanso oonera athu tinawazoloweza tokha. M'mavidiyo sho a ku Ndirande kapena Mchesi, malo opanda mawu womasulira amathirapo nthabwala zake, apo ayi anyamata ayamba kukuwa kuti "pititsani kutsogolo". Ndiponso musaganize kuti zonse za ku Zambia n'zotere. Masewero awo ambiri a pa TV ndi a nyumba zosanja ndi kulimbirana chuma cha masiye, Chinyanja chake chija chosakaniza moti liwu lililonse lachitatu ndi Chingerezi.

Koma kuvomera kwanga kuthere pomwepo. Luso tili nalo, mafilimu a Amalawi anakatenga mphoto za mafilimu a mu Africa za AMVCA ku Lagos mu 2016 ndi mu 2018. Ndipo kafilimu kandipwetekaka sikanadye ndalama zambiri ayi: chipinda chimodzi, kabokosi kamodzi, depoti ya basi, mafoni awiri. Vuto lathu ndi loti sitikhulupirira kuti chibwenzi chingathe popanda woipa. Timafuna hule, mfiti kapena chidakhwa choti tichiweruze, chifukwa kunena kuti ana awiri abwinobwino anangotopa ndi kudikirana kumationekera ngati si nkhani.

A Tanzania sindiwawerengera, iwo mtsikana akasiyidwa amalira mphindi makumi awiri nyimbo ili pamwamba, atavala ngati akupita ku ukwati. A Mozambique timangowadutsa pa mlatho.

Chimene ndikuopa n'choti tsiku lina Mzambia adzakwera basi ya ku Joni, adzacheza ndi anyamata athu pa Beitbridge usiku umodzi, n'kubwerera kukajambula nkhani ya mtsikana wa ku Mangochi. Ndipo tidzaionera, tidzagawana pa WhatsApp, mtsikana wa ku Mangochiyo akuyankhula Chinyanja cha ku Lusaka.